Fyuzi ikapsa yagwira ntchito, musaibwezere ndi msomali

Achemwali anga amakhala pa lendi ku Chilobwe. Polotiyo ili ngati mapoloti ambiri a m'matauni mwathu: nyumba yaikulu ya eni ake kutsogolo, mdadada wa zipinda zisanu kumbuyo, mpopi umodzi, mita ya magetsi imodzi. M'miyezi yozizira ya chaka chatha ndinkapitako kawirikawiri chakumadzulo, mpaka ndinaloweza zimene zinkachitika ikangokwana 6 koloko. Azimayi aweruka ku ntchito, ena atseka mabenchi kumsika, aliyense wateleka poto pa hotipuleti. Madzi a nsima akangoyamba kulira, mdima bii, pomwe kwa aneba kukuwala. Mnyamata wa eni nyumba ankayatsa tochi ya pafoni, kukwera pampando, kukweza breaker. Mphindi khumi zisanathe, yagwanso.

Eni nyumba atatopa ndi madandaulo anabwera ndi mnyamata wina amene ankati amadziwa zamagetsi. Tsikulo ndinalipo. Anatsegula bokosi la mabreaker, anazula ija yolembedwa 20 imene inkapereka moto kumdadada, n'kuikapo yolembedwa 63. Akupukuta m'manja anati: "Bwana, kamene kanalipo kaja kanali kofooka. Iyi ndaikayi sidzagwanso." Ananena zoona, sinagwenso. Azimayi anathokoza, eni nyumba analipira, ine ndinangoima poteropo osatsegula pakamwa, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti pachitika cholakwika.

Patatha masabata atatu achemwali anandiimbira foni. "Achimwene, kuno kukununkha ngati wina akuwotcha majumbo, koma palibe wasonkha moto." Bambo wa m'chipinda choyandikana anathimitsa magetsi onse n'kukwera kukasuzumira pansi pa malata. Anapeza waya wopita kumdadada atasungunuka chikopa, atamatirira pa thabwa la denga, thabwalo litada ngati khala. Pansi pa thabwa lomwelo ndi pamene pamagona ana awiri a achemwali.

Ndikulemba ndemangayi chifukwa cha kukhala chete kwanga kwa tsiku lija. Fyuzi ikapsa, kapena breaker ikagwa, sikuti yawonongeka. Yagwira ntchito imene anaiikira. Ili ngati galu amene wauwa pakati pa usiku. Munthu wanzeru amadzuka kukaona chimene chalowa pabwalo, koma ife tazolowera kupha galuyo kuti tigone bwino. Tikuchita zimenezi m'nyumba za lendi, m'magolosale, m'misika, m'matchalitchi ndi m'mahostelo a ana asukulu, ndipo moto ukabuka timati ndi tsoka. Tsoka silinunkha, inde, koma waya amene akupsa amanunkha, ndipo asananunkhe breaker imakhala itatichenjeza kale kambirimbiri.

Magetsi akamayenda mu waya, wayayo amatentha. Akamayenda ambiri, amatenthanso kwambiri. Fyuzi ndi kawaya kamene anakapanga dala kuti kakhale kofooka kuposa mawaya onse amene kakulondera, kuti katundu akachuluka kaduke iko, m'kabokosi kake kosayaka, mawaya a m'khoma ndi a m'denga asanafike poyatsa moto. Breaker imachita chimodzimodzi, kungoti m'malo mopsa imagwa, ndipo mumatha kuikwezanso. Pamene magetsi amalowera panyumba pali fyuzi kapena breaker yaikulu, ya ESCOM, yotsekedwa kuti wina asaigwire. Kenako m'bokosi la m'nyumba muli switchi yaikulu ndi mabreaker ang'onoang'ono: ya mababu, ya masoketi, ya kuka, ya giza. Nambala yolembedwa pa iliyonse ndi maampu amene ingalole kudutsa, ndipo nambalayo saisankha potengera zofuna za mwini nyumba. Amaisankha potengera kunenepa kwa waya amene ali kuseri kwake. Amisiri amayendetsa mababu ndi waya wa 1.5, masoketi ndi wa 2.5, kuka ndi wa 6, ndipo aliyense ali ndi breaker yomuyenera.

Tsono onani zimene zinachitika ku Chilobwe. Waya wopita kumdadada anali wa 2.5, woyenera maampu a m'ma 20. Hotipuleti ya mbale ziwiri ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9. Zipinda zisanu zikamaphika nthawi imodzi ndi maampu 45, kuposa kawiri mphamvu ya wayayo. Choopsa n'chakuti kutentha sikukwera mofanana ndi maampu: maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Waya uja ankatentha kasanu kuposa mmene anayenera kutenthera. Breaker ya 20 inkaona zimenezi n'kugwa. Ya 63 inkaona maampu 45 ngati kanthu kochepa, n'kungokhala duu. Fyuzi yaikulu ya pakhomo nayo sikanathandiza, pakuti iyo imalondera waya wonenepa wochokera pa polo, osati kawaya ka pansi pa malata. Mukachotsa fyuzi yoyenera, nyumba sikhala yopanda fyuzi. Waya wa m'denga ndiye amasanduka fyuzi, ndipo iye amapsera pa thabwa, pa siling'i, pamwamba pa neti ya udzudzu ya mwana wanu.

Masamu ake si ovuta, ndipo ndikukhulupirira kuti mwini nyumba aliyense, ngakhale wa lendi, ayenera kuwadziwa monga mmene amadziwira mtengo wa thumba la chimanga. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230. Chipangizo chilichonse chili ndi kachikwangwani pansi kapena kumbuyo, polembedwa mawati ake. Gawani mawatiwo ndi 230, mwapeza maampu. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9. Giza ya 3,000 imakoka 13. Mbale ziwiri za kuka za mawati 1,500 iliyonse, 13 enanso. Uvuni wa 2,500, maampu 11. Ayironi ya 1,500, pafupifupi 7. Mababu khumi a LED, wailesi yakanema ndi filiji, zonsezo pamodzi sizipitirira kwenikweni maampu awiri. Mukayatsa zonse nthawi imodzi mwafika pa 55. Ngati fyuzi yaikulu ya nyumba yanu ndi ya maampu 60, omwe ndi mawati 13,800, mwatsala pang'ono kugunda denga. Ngati ndi ya 30 kapena 40, mwadutsa kalekale. Koma thimitsani giza, ayironi muisungire m'mawa wa Loweruka, mutsika kufika pa 35 popanda wina wogona ndi njala.

Masamuwa akuonetsa poyera kuti osusuka m'nyumba ndi ati. Ndi zipangizo zotenthetsa: zophikira, zowiritsira madzi, zositira, zowothera. Giza imodzi ikamayaka imakoka magetsi oposa a mababu 300 a LED a mawati 9. Komabe timakalipira mwana amene wasiya babu la kubafa likuyaka, pomwe giza tinaiyatsa tsiku limene tinalowa m'nyumbamo ndipo sitinaithimitsepo.

Wina anena kuti, "Ine ndagula mayunitsi ambiri, bwanji magetsi akundithimira?" Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Mayunitsi ndi kuchuluka kwa magetsi onse amene mwagula: yunitsi imodzi ndi chipangizo cha mawati 1,000 chitayaka ola limodzi. Maampu ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa pa nthawi imodzi. Ganizirani mlatho wa mitengo wa kumudzi. Mudzi wonse ungathe kuwolokerapo tsiku limodzi, anthu 500, ndi njinga zawo ndi mitolo yawo, mlatho osadandaula. Koma anthu 50 okha akakwerapo nthawi imodzi, uthyoka. Kugula mayunitsi ambiri ndi kuchulukitsa owoloka, sikukulitsa mlatho. N'chifukwa chake sindikunamizani kuti kusinthanitsa nthawi yoyatsira zipangizo kukupulumutsirani mayunitsi ochuluka. Ayironi idya mayunitsi omwewo kaya mwasita madzulo kaya masana. Chimene mupulumutse ndi mawaya anu, thiransifoma ya m'dera lanu, ndi moyo wa anthu ogona m'nyumbamo.

Vuto lomweli lilinso pa pulagi. Mapulagi athu a mano atatu ali ndi kafyuzi m'kati, ndipo kakakulitsitsa ndi ka maampu 13, omwe ndi mawati pafupifupi 3,000. Ekisitenshoni ya mabowo anayi kapena asanu malire ake ndi omwewo, maampu 13, mabowo onse pamodzi, osati bowo lililonse. Ketulo ndi hotipuleti pa ekisitenshoni imodzi ndi maampu 18. Kafyuzi kakapsa, ndaonapo ndi maso anga zimene timachita. Wina amakakulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Wina amadula msomali n'kuupanikiza pamalopo. Wina amangodula pulagi yonse, kusenda mawaya awiri, kuwalowetsa m'soketi n'kuwatsekera ndi timitengo ta machesi. Msomali sungapse ngakhale nyumba yonse itayaka. Munthu amene waika msomali m'malo mwa fyuzi wasunga ndalama yosakwana kugula mulu wa tomato, n'kubetcha nyumba, katundu ndi ana.

Kodi ndikunena kuti palibe nyumba yofunika fyuzi yaikulu? Ayi. Mabanja amakula, anthu amatsegula saluni kukhonde, wina amagula makina owotcherera zitsulo, wina amamanga zipinda za lendi. Katundu akakuladi, malire nawo ayenera kukula, ndipo fyuzi yochepetsetsa ndi chizunzo chopanda phindu. Koma pali ndondomeko yake, ndipo imayambira pa waya, breaker imabwera pomaliza. Mmisiri wa chiphaso awerengere katundu yense, asinthe mawaya akhale onenepa mokwanira, ndipo ngati malire a pakhomo penipenipo achepa, mwini nyumba apite ku ESCOM akapemphe kuti amuwonjezere, kapena amupatse magetsi a mafezi atatu ngati ntchito yake ndi ya makina. Kuyamba ndi breaker kuli ngati kulemba matani khumi pa galimoto ya matani awiri n'kumayembekezera kuti matayala amvera.

Eni nyumba za lendi, mawu anga akulemera kwambiri pa inu. Mukamanga mdadada kuseri, mwamanga nyumba zisanu, osati makhonde asanu. Banja lililonse limaphika, limasita, limawiritsa madzi osamba. Kukoka waya mmodzi wa masoketi kuchokera m'nyumba mwanu kuti adyetse mabanja onsewo, kenako n'kumatolera ndalama ya magetsi kumapeto kwa mwezi, ndi kutchera msampha anthu amene akukudalirani. Ndikudziwa kuti mita ya payokha imafuna ndalama komanso kudikira. Koma ngati simungakwanitse mita ya chipinda chilichonse, kwanitsani waya wonenepa ndi kabokosi ka mabreaker kumdadadako, chipinda chilichonse ndi breaker yake. Pamenepo wochulutsa katundu amadzithimitsira yekha, mikangano ya pa poloti imachepa, ndipo moto sukhala ndi poyambira. Ikaninso earth leakage, pakuti fyuzi imateteza waya, pomwe chimene chimateteza munthu wogwidwa ndi magetsi ndi chipangizo chimenechi. Lendi mumalandira mwezi ndi mwezi. Waya wabwino mumagula kamodzi.

Nkhaniyi sithera pa poloti imodzi. Zimene zinkachitika ku Chilobwe ikakwana 6 koloko ndi zomwezo zimene zimachitikira dziko lonse pa ola lomwelo. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Makina onse a madzi a EGENCO, kampani imene inapatukana ndi ESCOM mu 2017 kuti izipanga magetsi, mphamvu yawo ndi mamegawati pafupifupi 390 zonse zikamayenda bwino. Amenewo ndi malire, ngati nambala ya pa breaker. Magetsi a pa nthambo sasungidwa m'nkhokwe ngati chimanga: amene akugwiritsidwa ntchito mphindi ino ayenera kupangidwa mphindi yomweyi. Usiku wa manenu makina amakhala ndi mpata. Chakum'mawa anthu akamakonzekera ntchito ndi sukulu katundu amakwera, ndipo madzulo, kuyambira dzuwa likamalowa mpaka anthu atadya, amafika pachimake. Ofuna magetsi akachuluka kuposa opangidwa, oyendetsa nthambo amathimitsa madera ena kuti makina onse asagwe. Kuthimathima kumene timadana nakoku, nthawi zambiri ndi breaker ya dziko ikugwa.

Tinaona kuchepa kwa malire athu mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a madzi. Kwa nthawi yoposa chaka tinakhala mu mdima maola ochuluka pa tsiku. Zoona, pabwera magetsi a dzuwa: mamegawati 60 ku Salima kuyambira 2021, ndi 20 ku Golomoti m'boma la Dedza, komwe kulinso mabatire. Ndi chinthu chabwino kwambiri. Koma dzuwa limalowa pa ola lomwe mayi akuteleka poto. Magetsi a dzuwa amachuluka masana, pamene nyumba zambiri zili zotseka, n'kutha pamene tonse tikuwafuna. Chotero munthu amene wasita zovala 11 koloko m'mawa, kapena watenthetsa giza masana, wagwiritsa ntchito dzuwa la ku Salima. Amene wachita zomwezo 7 koloko madzulo walimbirana madzi a Shire ndi poto wa mnzake.

Musaderere giza yanu imodziyo. Magiza 20,000 a mawati 3,000 atayaka nthawi imodzi ndi mamegawati 60, ofanana ndi malo onse a ku Salima aja dzuwa lili paliwombo. Atangothimitsidwa kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko madzulo, palibe angasambe madzi ozizira, pakuti giza imasunga kutentha maola ambiri, koma madera angapo amene akanakhala mu mdima akhoza kuwala. Malo opangira magetsi amatenga zaka ndi ndalama zankhaninkhani kuti amangidwe. Kudina switchi ya giza kumatenga chala chimodzi.

Pakati pa nyumba yanu ndi Nkula palinso thiransifoma ya pa polo ija ya pakona, imene inaikidwa dera lili ndi nyumba zowerengeka, lero ikudyetsa mapoloti odzaza midadada. Nayo ili ndi malire. Mukaona madzulo mababu akufooka, filiji ikubuula osadzuka, nsima ikuchedwa kupsa, dziwani kuti ikulemedwa. Nthawi yoopsa kwambiri kwa iyo ndi pamene magetsi angobwera atathima tsiku lonse. Ana amakuwa kuti ayaka, ndipo nyumba iliyonse imayatsa zonse nthawi imodzi, kuka, ketulo, ayironi, giza, poopa kuti athimanso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Thiransifoma ikapsa, dera lonse limakhala mu mdima masiku kapena masabata, ndipo palibe amene wapindula ndi liwiro lija.

Ndikudziwa zimene owerenga ena akunena mumtima, ndipo sindizipeputsa. Akuti, "Bwanji mukutiimba mlandu ife ogula? Tikulipira. Opanga magetsi apange okwanira." Akunena zoona. Dziko silingatukuke ndi magetsi ogawana ngati ndiwo za pamaliro. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo pamene ena onsewo akulumikizidwa, katundu wa madzulo azingokwera. Ntchito monga ya Mpatamanga pa Shire, ndi nthambo yolumikiza dziko lino ndi Mozambique kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya ku Balaka, n'zofunika, ndipo tisaleke kufunsa atsogoleri za izo. Koma ngakhale Shire atasefukira ndi mamegawati, waya wa 2.5 wa m'denga mwanu adzakhalabe wa 2.5. Palibe boma limene lingamunenepetse. Ndiponso ngakhale maiko olemera amalimbana ndi katundu wa madzulo, chifukwa makina omangidwira maola atatu okha pa tsiku ndi okwera mtengo, ndipo mtengowo umabwerera kwa wogula yemweyo.

Mayi wina anena kuti, "Ndimafika pakhomo 6 koloko, ana ali ndi njala, mawa sukulu. Ndiphike liti?" Mayi, phikani 6 koloko yomweyo. Sindikupempha munthu kuti adye nsima pakati pa usiku. Ndikupempha kuti ola limenelo tilisiyire poto. Zimene zingadikire zidikire: giza, ayironi, pampu ya madzi, makina ochapira. Pa poloti ya mabanja ambiri, kungogwirizana kuti wophika asayatsenso ketulo nthawi yomweyo, ndipo wosita adikire anzake aphule, kumatsitsa katundu kwambiri. Nyemba zonyika m'madzi usiku zimapsa msanga. Poto wovundikira amawira msanga kuposa wa pululu. Poto wa pulesha wamagetsi amakoka mawati pafupifupi 1,000 okha, ndipo akangotentha amadzithimitsa n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Amayi athu amadziwa kale kugawa nkhuni kuti zikwane mwezi, ndipo nzeru yomweyo ndi imene ikufunika pano.

Chimene sindingavomereze ndi yankho lakuti tibwerere ku mbaula. Matumba a makala amene amalowa mu Blantyre pa njinga m'bandakucha ndi mitengo ya m'mapiri amene madzi ake amatsikira mu Shire. Mapiri akayera, mvula imakokolola dothi, dothilo limakadzaza m'madamu a Nkula ndi Tedzani, zinyalala ndi namasupuni zimatseka makina, magetsi amachepa, anthu amagula makala ambiri, mitengo imathanso. Tikufuna mabanja ochuluka aziphikira magetsi, osati ochepa. Ndiye chifukwa chake maampu a madzulo ndi a mtengo wapatali, ndipo n'kulakwa kuwamwaza pa giza imene palibe akusamba.

Tsono ndili ndi zopempha kwa amene ali ndi udindo. ESCOM iuze wogula aliyense malire a nyumba yake m'chilankhulo chimene amamva. Anthu ambiri amadziwa nambala ya mita yawo pamtima, koma afunseni kuti nyumba yawo imalola maampu angati, ayang'ana kumwamba. Kapepala kamodzi ka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, koperekedwa tsiku lolumikiza magetsi, kosonyeza malirewo ndi zimene ketulo, giza ndi hotipuleti zimakoka, kangapulumutse nyumba zambiri kuposa zikwangwani zoopseza. Ipeputsenso njira yopezera mita ya payokha pa mapoloti a lendi, pakuti njira yolondola ikatalika anthu amadutsa yachidule.

MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, ili ndi ntchito ziwiri apa. Yoyamba, makampani akuluakulu ali kale ndi mitengo iwiri, wa nthawi yothinana ndi wa nthawi yopepuka, ndipo amadziwa kusuntha ntchito zawo kuti alipire zochepa. Nyumba nazo zipatsidwe mwayi womwewo, kwa ofuna, m'njira yotsitsa mtengo wa masana ndi wa usiku wa manenu, osati yolanga mayi wophika madzulo. Munthu akaona kuti kusita masana kukumusiyira kenakake m'thumba, safuna kulalikiridwa. Yachiwiri, ndi MERA imene imapereka ziphaso kwa amisiri a zamagetsi. Ziphasozo zikhale zosavuta kutsimikiza, ngakhale pa foni ya mabatani, kuti mwini nyumba adziwe ngati munthu amene wagwira sikuludiraiva pakhomo pake anaphunziradi ntchitoyo. Bungwe loona za miyezo la MBS nalo liyendere mashopu a zipangizo, chifukwa waya wolembedwa 2.5 koma m'kati muli timawaya towerengeka, ndi breaker yachinyengo yosagwa, zimapha ngakhale mmisiri atawerengera bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makhonsolo a mizinda, amene amatolera misonkho m'misika momwe mawaya alukana ngati ukonde pamwamba pa mabenchi a kaunjika, asadikire phulusa kuti akayendere.

Kwa inu amisiri enieni, amene munakhala m'kalasi n'kuphunzira kuwerengera katundu: kanani. Mwini nyumba akakuuzani kuti mungoikapo yaikulu, muuzeni kuti, "Bambo, breaker ilibe mlandu, waya ndiye wachepa." Mwina akuthamangitsani n'kuitana wina wotchipa, koma dzina lanu silidzatchulidwa pa maliro. Ndipo kwa tonsefe, zizindikiro n'zosabisika: pulagi yotentha mukaigwira, soketi yoderako m'mphepete mwa mabowo, kulira kwa zii m'bokosi la mabreaker, fungo la pulasitiki wopserera, breaker yogwa pa ola lomwelomwelo tsiku lililonse. Mukaona chimodzi mwa izi, chepetsani katundu lero lomwe, muitane wodziwa. Safunsa anadya phula.

Ku Chilobwe kuja zinatha bwino, osati chifukwa cha nzeru zathu koma chifukwa cha mphuno ya achemwali. Eni nyumba ataona thabwa lija anakhala pansi nthawi yaitali osalankhula. Sabata yotsatira kunabwera mmisiri wina, wachikulire, amene anayamba n'kuzungulira zipinda zonse ali ndi kope, kutembenuza hotipuleti iliyonse n'kulemba mawati ake. Anakoka waya wonenepa mu paipi, anaika kabokosi kumdadada, chipinda chilichonse ndi breaker yake. Anauzanso eni nyumba kuti fyuzi ya pakhomo singanyamule mabanja asanu ndi limodzi onse atayatsa zonse, ndipo giza ya m'nyumba yaikulu izikhala yothima nthawi yophika. Thabwa lopserera lija sanalisinthe, likadalipo. Masiku ano breaker ya m'chipinda cha achemwali imagwabe mwa apo ndi apo, akaiwala n'kuyatsa ketulo ndi ayironi poto ali pamoto. Ikagwa sakwiya. Amazula ketulo, amaikweza, n'kupitiriza kuvundula nsima, ana ali chigonere pansi pa denga lomwe lija.